Ndikalephera décima segunda, amayi ndiwayang'ana bwanji?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 18. Kwathu ndi ku Majaua, koma chifukwa cha sukulu ndimakhala pa vila pa Milange, m'kachipinda ka lendi pamodzi ndi mnzanga. Ndili mu décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, mbali ya sayansi. M'banja mwathu palibe anafikapo pamene ndafika inepa. Bambo anamwalira kalekale, amayi ndi amene amalima chimanga ndi nandolo kuti ndiphunzire. Madzi a namondwe Freddy atakokolola munda wathu mu 2023, anagulitsa mbuzi zonse kuti ndisasiye sukulu.

Chiyambire trimestre yachitatu tulo sindikutiona. Ndimawerenga mpaka 2 koloko usiku ndi tochi ya foni, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti ndisasinze, koma kukacha zonse zauluka. Trimestre yatha ndinapeza 7 pa Química ndi 8 pa Matemática. M'mimba mumandipota, mtima umathamanga, nsima sikulowa. Amayi akabwera ndi ufa amauza aliyense kuti "uyu ndiye namwino wathu." Amalume anena kale kuti ndikalephera ndibwerere kumudzi, kuli bambo wina wogula mbewu amene akundifuna. Mnzanga wina akuti pali munthu amene adzagulitse mayankho a mayeso. Nthawi zina ndimalakalaka nditagona osadzukanso. Sindinauzepo munthu aliyense. Ndikalephera, amayi ndiwayang'ana bwanji?

Wosowa Tulo, Majaua

Mwana wanga,

Pepa kwambiri. Katundu ameneyu ndi wolemera, ndipo wamusenza wekha nthawi yaitali. Uli kutali ndi kwanu, ukudziphikira, ukudzitungira madzi, Química ukuiphunzira m'Chipwitikizi chimene sunayamwire, kwinaku mudzi wonse wakuveka kale yunifolomu yoyera. Ndani angagone tulo tabwino pamenepo? Usadzitenge ngati wofooka kapena mbuli. Mbuli sichoka ku Majaua n'kudzafika décima segunda. Tawerenga atsikana amene munayambira limodzi kalasi yoyamba, uone kuti atsala angati pa desiki lero.

Ndiyamba ndi mawu amene wawaika chakumapeto kwa kalata, ngati kuti ndi osafunika: kulakalaka utagona osadzukanso. Wachita bwino kuwatulutsa. Maganizo otere amafikira anthu ambiri amene atopa mopitirira muyeso, ndipo kawirikawiri munthuyo amangofuna kuti kuwawako kuleke. Komabe sitiwatenga mwachibwana. Sabata ino yomwe, osadikira kuti mayeso athe, uuze munthu wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, kaya ndi mphunzitsi wachizimayi, kaya mayi wa kumpingo, kaya mkulu wako. Upitenso kuchipatala cha boma pa Milange pompo, ukafunse khomo la SAAJ, kumene achinyamata amathandizidwa paokha. Ukawauze monga wandiuzira ine, osachotsera kanthu chifukwa cha manyazi. Ukapemphe akuyeze malungo ndi magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumathamangitsa mtima ndi kufooketsa thupi, ndipo si kwachilendo kwa mtsikana amene sakudya mokwanira. Usiku wina maganizowo akakula mpaka kuyamba kulingalira za njira, dzutsa mnzako wa m'chipindayo, usakhale wekha. Ngati m'nyumbamo muli mankhwala a makoswe kapena othira m'chimanga, mupemphe awachotse lero. Sunganso nambala ya 116, Linha Fala Criança. Kuimba kwake ndi kwaulere. Pa zonse zimene ndikuuze m'yankho lino, izi zokha ndiye zosakambirana.

Tsopano tikambe za amayi, chifukwa m'mene ndawerengera kalata yako, chikukusowetsa tulo kwenikweni ndi mbuzi zija. Wazisandutsa ngongole, wadziikiranso tsiku lobweza, tsiku limene pauta ya zotsatira za mayeso idzapachikidwe pakhoma la sukulu. N'chifukwa chake ukatsegula kope la Matemática maso amaona manambala koma mtima uli ku khola lopanda kanthu. Munthu sangasove samu ali pakati pa kuwerengetsa ngongole.

Kodi amayi anakuuzapo kuti akukukongoza? Ndikukayika. Anthu ambiri a msinkhu wawo m'boma la Milange ubwana wawo unadyedwa ndi nkhondo imene inatha mu 1992. Ena anakulira tsidya la Ruo ngati othawa kwawo, ena m'tchire, sukulu zili zotseka. Mayi wotere akagulitsa mbuzi kuti mwana wake wamkazi aphunzire, amakhala akuchitira mwanayo chimene iye sanachitiridwe, ndipo phindu lake anayamba kale kulidya. Amalidya ukawawerengera khadi la kuchipatala, ukawalankhulira Chipwitikizi pamaso pa akuluakulu a boma, ukatsutsa sikelo ya wogula nandolo chifukwa masamu ukuwadziwa. Zimenezo pauta singazifufute. Akamati "namwino wathu" akunyadira, ndipo mwina ndi mawu okhawo amene ali nawo onenera kuti amakukonda. Sakudziwa kuti mawuwo akukulasa, poti sunawauze.

Uwauze tsono. Osati pakhonde la lendi anthu ali pomwepo, ayi. Akadzabweranso ndi ufa uwaperekeze, kapena upite kumudzi Loweruka lina, mukhale awiri pamkeka mukusenda nandolo, manja ali pantchito, maso osayang'anizana. Nkhani zolemera zimatuluka bwino motero. Ukhoza kungoti: "Amayi, ndikulimbikira ndithu, koma Química ikundivuta ndipo ndili ndi mantha. Zikakanika chaka chino, mudzandilola kuyesanso?" Sindikulonjeza kuti adzamwetulira. Mwina adzangoti zii. Mwina adzakudzudzula kuti usamadzilosere zoipa. Mwinanso adzalira, iwe n'kumva ngati walakwa. Uwapatse nthawi, nkhani yotere simatha tsiku limodzi. Koma mayi amene anaona madzi akutenga munda wonse, n'kudzalanso mvula yotsatira, amadziwa bwino kuti chinthu chikhoza kukanika popanda wolakwa. Ndipo kuli bwino amve mantha ako mwezi uno kuchokera pakamwa pako, kusiyana n'kuti adzadzidzimuke mu December, kapena kuti akupeze utadwala. Kwa amayi ako mwana wamoyo wopeza 8 ndi wamtengo wapatali kuposa satifiketi iliyonse, ndipo zimenezi ndikunena mosaphethira.

Za amalume ndidutsapo msanga. Ndi eni mbumba, ulemu wawo uwapatse, koma ukwati si chilango cha wolephera mayeso. Lamulo la Mozambique la 2019 linaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ngakhale wamkulu ngati iwe sakwatiwa popanda kuvomera yekha. Usalimbane nawo panopa, mphamvu zako zili ndi ntchito ina. Ukamayankhula ndi amayi uitchule nkhaniyi, uwauze kuti sukufuna, kuti akhale mbali yako nthawi yake ikadzafika. Bambo wogula mbewuyo ayambe wapima nandolo, iwe uli ndi mayeso.

Kupota kwa m'mimba ndi kuthamanga kwa mtima kusakuopse kuti mwina wina wakuchita chipongwe kumudzi. Thupi likamva kuti kuli ngozi limatulutsa adrenaline, mtima umapopa mwamphamvu kuti magazi athamangire ku miyendo ndi manja, ntchito yogaya chakudya imayamba yaima. Linalengedwa choncho kuti tithawe zoopsa. Vuto lake, silisiyanitsa ngozi yeniyeni ndi ganizo la pepala la Química, ndiye lako lakhala lili chire kwa milungu yambiri osapumula. Mantha pang'ono amathandiza, amadzutsa munthu m'mawa. Akachuluka amatseka pokumbukira pomwe. Ukamva kuti zayamba, khala pansi, ponda pansi ndi mapazi onse awiri, kokera mpweya m'mphuno pang'onopang'ono uku ukuwerenga mpaka 4, kenako uutulutse mofatsa mpaka 6. Bwereza kangapo. Kutulutsa mpweya mwachifatse kumatsitsa liwiro la mtima. Uziyeserera masiku ano, kuti tsiku la mayeso thupi lidzakhale litazolowera.

Beseni lija tsanula madzi, libwerere ku ntchito yake yochapira. Ndikudziwa kuti ophunzira ambiri amachita zimenezo, tsidya lino ndi tsidya linalo ku Malawi, ndipo amatamandana kuti uje ndiye wolimbikira, sagona. Koma ubongo umalongedza zimene waphunzira masana pamene uli m'tulo. Ukagona 2 koloko n'kudzuka 5 koloko, waupatsa maola atatu okha, pamene munthu wa msinkhu wako amafunika maola 8 kapena kuyandikira pamenepo. Kuiwala kumene ukudandaulaku gwero lake lalikulu ndi limeneli. Yesa kugona cha m'ma 9 koloko, udzuke kukungoyera. Miyezi yotentha ino kumacha msanga, kuwala kwa m'mawa ndi kwaulere ndipo sikutha batire, mutunso umakhala wopepuka. Tiyi wakuda bii kapena khofi madzulo umusiye. Foni igone kutali ndi mutu wako, chifukwa tochi yake ndi yomweyo imene imakuitanira ku WhatsApp, kumene anzako akuopsezana za mayeso. Masiku oyamba tulo tidzavuta, usataye mtima. Maganizo akakuzinga pamphasa, dzuka, alembe papepala, upinde, unene kuti tionana mawa.

Kudya nako usakudikire njala. Ngati nsima ikukanika, yamba ndi phala, nthochi, mbatata yophika, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Kusukulu usamapite wosalawa kanthu.

Tibwere pa 7 ndi 8 uja. Ndi malikisi otsika, sindikunamiza. Koma pa 20 wokhoza amafunika 10, ndiye pakati pa iwe ndi kukhoza pali mtunda wa 3 pa Química ndi 2 pa Matemática. Mtunda umenewo ndi woyendeka. Mantha amakuuza kuti uyenera kudziwa buku lonse kuchokera kuchikuto mpaka kuchikuto, pamene ntchito yako ndi kutola malikisi ochepa amene akusowawo. Pita kwa director de turma, mphunzitsi woyang'anira kalasi yanu, ndi kope ndi cholembera, umufunse kuti, ndi malikisi amene uli nawowa, trimestre ino ukufunika angati pa phunziro lililonse kuti média yako ikwane. Malikisi a m'kati mwa chaka amawerengedwa, choncho timayeso ta m'kalasi timene tatsalati usatipeputse. Ukatuluka mu ofesimo uli ndi nambala yeniyeni m'manja, udzaona kuti mantha achepa, chifukwa chinthu chodziwika kukula kwake sichiopsa ngati chongoganizira.

Kawerengedwe kako nakonso kasinthe. Kubwereza tsamba lomwelo kasanu kumanyenga: maso amalizolowera, iwe n'kumati walidziwa, koma tsiku la mayeso kope kulibe. Werenga kagawo kamodzi, tseka kope, lemba pa pepala lina zonse zimene ukukumbukira, kenako tsegula uone zimene zasowa. Poyamba zimawawa, chifukwa pepala limakhala loyera mbali yaikulu, koma kuvutikira kukumbukirako ndi kumene kumakhomerera zinthu m'mutu. Mawa lake dzifunsenso kagawo komweko, kenako patapita masiku atatu, kenako sabata. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene munthu waloweza zimatayika m'maola ndi masiku oyambirira akapanda kuzibwereza. Aliyense amaiwala choncho, ngakhale uja wopeza 17 m'kalasi mwanu. Matemática ndiye sawerenga ngati nthano, amasova. Masamu asanu a derivadas osova ndi dzanja lako amaposa masamba khumi ongoyang'ana.

Mayeso a décima segunda amabwera ndi mayankho osankha, A, B, C kapena D. Pempha aphunzitsi mapepala a zaka zam'mbuyo, musonkherane ndi anzako ndalama ya fotokope, uzilemba utatchera nthawi ngati tsiku lenileni. Ukalemba atatu kapena anayi udzaona kuti mitu ina imabwera chaka ndi chaka, ndipo imeneyo ndiyo uyambire. Uphunzirenso kuchotsa mayankho oonekeratu kuti ndi olakwa usanasankhe, kudumpha funso lovuta n'kudzalibwerera, ndi kusamala podetsa pa pepala la mayankho kuti mzere usaphonyane ndi nambala ya funso. Ana ambiri amataya malikisi pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi, nzeru ali nazo.

Mutu umodzi susenza denga. Peza anzako awiri kapena atatu, osapitirira apo, chifukwa gulu la anthu khumi limathera ku miseche. Aliyense atenge mutu umodzi akaphunzitse anzake. Ndipo pofotokozerana musaope kugwiritsa ntchito chinenero cha kwanu. Ukatha kumufotokozera mnzako equilíbrio químico m'Chichewa kapena m'Chilomwe mpaka iye kugwedeza mutu, ndiye kuti waimvetsa, Chipwitikizi chake chidzangovala pamwamba. Ngati ndalama ya explicação, maphunziro apadera olipira, palibe, usadandaule nazo. Funsa mphunzitsi akamatuluka m'kalasi, ambiri amakondwa kuona mwana wofunsa. Koma ndikunong'oneze izi monga mayi: wina aliyense, kaya ndi mphunzitsi, akati akuthandiza malikisi ukakamuona kunyumba kwake madzulo, ukane, ndipo uuze munthu wamkulu. Kuvutika kwako kusakhale mpata wa munthu wina.

Wogulitsa mayankho uja musiye. Ndikumvetsa chifukwa chake nkhaniyo yakukhala m'mutu, munthu womira amagwira chilichonse. Koma chaka chilichonse nyengo ino kumatuluka anthu otere, ndipo ambiri amagulitsa mapepala abodza n'kuzimitsa foni. Ndalama yake ichokera ku nandolo wa amayi. Akakugwira ndi cábula, kapepala kobera mayeso, mayeso ako amafafanizidwa, ndipo pamenepo ndiye povuta kuwayang'ana amayi. Ngakhale osagwidwa, udzalowa m'chipinda cha mayeso ndi mantha awiri m'malo mwa amodzi.

Nanga zikakanikadi? Tiye tiliyang'ane funsoli m'maso, chifukwa ukamalithawa limakula. Kugwa phunziro limodzi kapena awiri sikufufuta zaka 12 zimene waphunzira. Pali kubwereza kalasi, pali kulembanso mayeso ngati externo, palinso maphunziro a sekondale a patali amene amawatcha PESD. Tsiku lina ukadutse ku secretaria, ukafunse malamulo a chaka chino, masiku olembetsera ndi ndalama zake, ulembe kuseri kwa kope. Kuchita zimenezo si kudzilosera tsoka. Munthu wodziwa kuti khomo lina lilipo amalemba mayeso dzanja lisakunjenjemera. Tsidya linalo ku Malawi anzako a Fomu 4 amadutsa m'moto womwewu ndi MSCE, ndipo kumeneko ngati kunonso alipo aphunzitsi ndi anamwino ambiri amene anakhoza ulendo wachiwiri. Odwala sawafunsa kuti munalemba kangati.

Zikayenda bwino, monga ndikuyembekezera ukayamba kugona ndi kudya, njira zili zingapo. Ku Quelimane kuli Instituto de Ciências de Saúde ndi Universidade Licungo, ku Nicoadala kuli sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ku Mocuba UniZambeze imaphunzitsa za ulimi ndi nkhalango. Malo otere amakhala ndi mayeso awoawo olowera, choncho sukufunika kupambana dziko lonse mu décima segunda, ukufunika kudutsa. Ndipo mayeso akatha udzakhale pansi udzifunse ngati unamwinowo ukuufuna ndiwe kapena ndi amayi. Ukhoza kupeza kuti ukuufunadi. Ukhozanso kupeza kuti mtima uli kwina, ndipo si mlandu. Funso limenelo ndi la January, lero lisiye.

Pa sabata upatule masana amodzi osagwira kope. Lamulungu ukatuluka m'tchalitchi usathamangire ku lendi; imba nawo kwaya, ponya mpira ndi atsikana anzako, kapena yendani ndi mnzakoyo cha kumunsi kwa phiri la Tumbine mpaka thukuta lituluke. Mtima udzakutsutsa kuti ukutaya nthawi pamene amayi ali kumunda. Uuyankhe kuti amayinso Lamulungu khasu amaliika pansi. Mnzako wa m'chipindayo umuuzeko zina mwa zimene wandiuzazi. N'kutheka kuti nayenso amagona maso ali gwa, akuganiza kuti iwe ndiye zako zikuyenda poti amakuona ndi tochi usiku wonse.

Undilemberenso ukakabwera kuchipatala, undiuze zimene akakupeza nazo, ndi nambala imene director de turma akakuwerengere. Ndikufunanso kudzamva kuti amayi anati chiyani.

Azakhali